Kanema wa Maliro a Chitemwa

Gulu: Chiliza cha amayi
Alimo: Bambo Chikaonda, Chigomezgo, Hon. Benedicto

LOLEMBA

07:52 Bambo Chikaonda: Mmisiri wamaliza kupukuta mwala, ndakauona ndekha. Abusa akuti tiyambe 9 koloko Loweruka ku manda a ku Area 18. Chatsala ndi tenti ndi mipando.

07:58 Hon. Benedicto: alamu za tenti musavutike. Chitemwa ndi mlongo wanga, bere limodzi. ndibweretsa awiri

08:01 Bambo Chikaonda: Zikomo alamu. A mtundu wanji?

08:02 Hon. Benedicto: tenti ndi tenti

08:04 Bambo Chikaonda: Uja munabweretsa pa maliro mu January anali ndi chithunzi cha nyali mbali zonse zinayi.

08:05 Chigomezgo: kkkk ankolo. kuvoteredwa pa makwerero, tenti wa nyali. dad musadandaule ndipeza ine ku office

08:07 Bambo Chikaonda: Wa ku ofesi kwanu akhala ndi makwerero. Ndibwereka wa ku mpingo. Ndi wong'ambika pakona, koma sakuimira aliyense pa chisankho.

08:15 Hon. Benedicto: 🎤 uthenga wa mawu, 3:41

08:39 Bambo Chikaonda: Ndamvetsera. Tikachotsa moni ndi kutsokomola, mwanena izi. A chipani cha Makwerero, chimene munawinira mpando, adandaula kwa Sipikala kuti mwalowa chipani cholamula cha Nyali, choncho Section 65 ya malamulo a dziko ikuchotseni uphungu. Sipikala wawapatsa mpaka Lachisanu kuti abweretse umboni. Kenaka mwafunsa ngati flash ya kanema wa maliro ikadali ndi ine. Ndaphonya pena?

08:40 Hon. Benedicto: ALAMU. voice note saibwereza polemba!! nanga ndinatumiziranji voice

08:42 Bambo Chikaonda: Ndalemba Hansard ku Nyumba ya Malamulo zaka 27. Phungu akatsegula pakamwa dzanja langa limayamba lokha.

08:42 Hon. Benedicto: 🚫 uthengawu wachotsedwa

08:43 Bambo Chikaonda: Mwachedwa.

08:50 Chigomezgo: ok poti zafika pagulu. dad nanenso ndimafuna ndikupempheni flash yomweyo

08:51 Chigomezgo: tsiku la maliro ankolo anaima pa mic kunyumba nkunena kt "ife a Nyali". ndinamva ndi makutu anga. koma ma clip a mmafoni mwa anthu mukungomveka mvula pa tenti. wa kamera yekha ndamene analumikiza ku mic, ndye anapita ku joni, laptop anagulitsa. copy ndi imodzi basi, yanuyo

08:53 Hon. Benedicto: iwe Chigo ndinakunyamula ine uli ndi matewera. lero ukufuna kudya malume ako?

08:54 Chigomezgo: ndili ku publicity ya chipani chimene munathawa ankolo. ndi ntchito yanga

09:02 Bambo Chikaonda: Gulu ili ndinalitsegula chifukwa cha chiliza. Mipando ikufunika 80. Ndani akudziwa kumene tingabwereke?

09:40 Bambo Chikaonda: Ndafunsa za mipando.

LACHIWIRI

10:18 Bambo Chikaonda: Alamu, dalaivala wanu wabwera kuno ku Area 15 ndi mbuzi. Akuti ndi ya Loweruka, ndalandira. Akutinso mwamutuma katundu wina wamng'ono. Ameneyo sindinampatse.

10:19 Bambo Chikaonda: Mbuziyo yadya kale maluwa a Chitemwa a pakhonde.

10:31 Hon. Benedicto: ndimangofuna ndiisunge malo abwino alamu. masiku ano akuba achuluka

13:47 Bambo Chikaonda: Chigomezgo, ndinapita ku msika wa Tsoka kukagula nsalu yoyera yophimbira mwala. Pobwera ndapeza madirowa onse ali yasa, mabatani a mayi ako ali mbwee pansi. Makiyi a nyumba ino ali ndi anthu awiri.

13:52 Chigomezgo: ndinabwera kudzakuonani pa lunch 🙈

13:53 Bambo Chikaonda: Unandifuna m'chitini cha mabatani?

13:55 Chigomezgo: sorry dad. ndidzatola

13:58 Chigomezgo: koma tamverani serious. anthu 14,000 anaima pamzere dzuwa lili phwee, agogo ena ananyamulidwa pa njinga, kukachonga pa makwerero. patha chaka chimodzi munthu watenga mavoti awo wakawapereka kwina ngati nkhuku yake. constitution ikuti ukasintha chipani bwerera kwa anthu akakuvoterenso. ndi zimenezo basi. inuyo ndamene munandiphunzitsa zimenezi pa table

14:03 Hon. Benedicto: 🎤 uthenga wa mawu, 4:58

14:04 Hon. Benedicto: alamu iyi MUSALEMBE

14:26 Bambo Chikaonda: Mwanena kuti simunasinthe chipani, mukungogwira ntchito ndi boma la lero. Kuti kwanu mlatho unakokoloka zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, amayi apakati amawoloka pa machira, ndipo phungu wotsutsa sapatsidwa ngakhale thumba la simenti. Kuti akanakhala phungu wa kuno pakati palibe akanadandaula, koma poti ndinu wa kumpoto aliyense wakumbukira kuti kuli constitution. Za mlatho ndi zoona, ndinauona popita kukayika apongozi.

14:28 Chigomezgo: ayi ankolo khadi ya kumpoto musanditulutsire ine. theka la magazi anga ndi akonko

14:29 Hon. Benedicto: theka linalo ndi limene likulemba ma message

14:30 Chigomezgo: mxii

14:44 Bambo Chikaonda: Popeza nonse mwaikonda Section 65 sabata ino, ndikukumbutseni. Nthawi imene a Makwerero ankalamula, aphungu khumi ndi awiri anawolokera kwa iwo. Bwana wako wa lero, Chigomezgo, anaima m'Nyumba nanena kuti gawo limeneli ndi chingwe chomangira mbuzi, si cha anthu. Ndinalemba ndine. Mawa lake wa Nyali wina anati gawo lomwelo ndi msana wa demokalase. Ndinalembanso ndine. Lero asinthana mapepala, aliyense akuwerenga mawu a mnzake. Ndiye musandiuze kuti mwadzidzimuka ndi chikondi cha malamulo.

14:47 Chigomezgo: ine ndinali ku secondary nthawi imeneyo dad. zolakwa zawo zisandiletse kuchita chabwino lero

14:52 Bambo Chikaonda: Pamenepo wanena zoona.

14:53 Hon. Benedicto: ndye mwagwirizana bambo ndi mwana?

14:55 Bambo Chikaonda: Sindinagwirizane ndi munthu. Mipando ndapeza ndekha, kwa a Waseem ku Old Town. Sanandifunse kuti ndimavotera ndani.

LACHITATU

09:05 Hon. Benedicto: alamu ndayankhula ndi akumudzi. minibus inayenera kunyamuka Lachisanu mmawa. akuti ngati kanema wa maliro a mwana wawo akaonetsedwe ku Parliament ngati filimu, iwo sabwera. si ine, ndi akuluakulu

09:11 Bambo Chikaonda: Anawauza ndani za kanema?

09:12 Hon. Benedicto: nkhani zimayenda

09:12 Bambo Chikaonda: Pa galimoto ya ndani?

09:20 Chigomezgo: blackmail imeneyo ankolo. pa chiliza cha mlongo wanu? manyazi mulibe?

09:21 Chigomezgo: dad ngati awa apatsidwe mic Loweruka ine sindikhalapo. ndanena

09:23 Hon. Benedicto: alamu ingoiponyani mu toilet, nkhani ithe, tonse tibwere tilire bwino

09:24 Chigomezgo: mwamva?? akuti muponye maliro a mum mu toilet

09:24 Hon. Benedicto: ndati FLASH

09:31 Bambo Chikaonda: Ndione ngati ndamva bwino. Ndikapereka, akuchikazi sabwera. Ndikapanda kupereka, mwana sabwera. Ndiye Loweruka tikhala ine, abusa ndi mbuzi.

09:33 Chigomezgo: dad ndinalonjeza kale kwa bwana. ndinawauza kt Friday 10 am ikhala pa desk pawo

09:35 Bambo Chikaonda: Unalonjeza chinthu cha mwini.

09:36 Chigomezgo: ndi mayi anganso

09:37 Chigomezgo: ndipo mum akanapereka. mukudziwa mmene ankadanirana ndi chinyengo

09:38 Hon. Benedicto: Chitemwa sakanagulitsa mlongo wake. magazi ndi magazi

09:46 Bambo Chikaonda: Chonde nonse awiri. Mayi ameneyu ndakhala naye zaka 34 ndipo sindinadziwe kuti ankavotera ndani. Ndinamufunsa kamodzi, anandiuza kuti n'chifukwa chake pamakhala katoni yobisalira. Musamuike mawu m'kamwa poti sangakuyankheni.

10:02 Chigomezgo: ok. ingondiuzani chimodzi. mawu a ankolo akumveka clear mmenemo?

10:09 Bambo Chikaonda: Sindikudziwa.

10:09 Chigomezgo: simukudziwa bwanji

10:15 Bambo Chikaonda: Sindinaonerepo.

10:15 Chigomezgo: miyezi 8?

10:16 Chigomezgo: dad

10:31 Chigomezgo: 📞 sanayankhe

11:04 Chigomezgo: 📞 sanayankhe

12:40 Hon. Benedicto: alamu ngati simunaonere ndye nkosavuta. chimene sunachione suchisowa

15:17 Chigomezgo: dad ndadutsa, gate ndi yokhoma. mwadya?

17:02 Bambo Chikaonda: Ndadya. Ndinali ku manda kulimira udzu m'mbali.

LACHINAYI

08:03 Bambo Chikaonda: Flash yakhala m'chikwama cha magalasi anga chiyambire January. Ndiionera mmawa uno. Musandiimbire.

08:04 Hon. Benedicto: alamu ganizani bwino, BP

08:04 Chigomezgo: ndibwere tionere limodzi?

08:06 Bambo Chikaonda: Ayi.

10:50 Chigomezgo: dad?

11:45 Hon. Benedicto: zili bwanji kumeneko

12:30 Chigomezgo: ankolo mukaona ma tick a blue mundiuze, ine kwanga sakusintha

12:31 Hon. Benedicto: kwanganso

14:12 Bambo Chikaonda: Ndaonera.

14:12 Chigomezgo: muli bho?

14:20 Bambo Chikaonda: Mawu onse akumveka bwino. Koma wa kamera uja, nthawi yonse imene andale ankayankhula, mphindi khumi ndi zisanu ndi zinayi, sanaloze kwa oyankhula. Analoza kwa ine.

14:23 Bambo Chikaonda: Ine ndinkakumbukira kuti ndinangokhala phee pa mpando. Ndakhala ndikuuza anthu choncho. Si zimene zili mmenemo. Ndagwira duku loyera la mayi ako la ku mpingo, ndipo sindikudziwa anandipatsa ndani. Zina zonse sindilemba.

14:24 Chigomezgo: ndinakupatsani ndine

14:25 Chigomezgo: ndimaganiza mukukumbuka

14:33 Bambo Chikaonda: Kanema ameneyu sapita kwa Sipikala, sapita pa Facebook, sapitanso m'chimbudzi. Ndi wanga. Nkhani imeneyo yatha.

14:34 Hon. Benedicto: alamu Mulungu akudalitseni. ndinadziwa ine kuti ndinu munthu 🙏🙏

14:36 Bambo Chikaonda: Dikirani, sindinamalize. Kanema ndi wanga, koma mawu amene phungu wanena pa chinkuzamawu pamaso pa anthu si anga, si akenso. Ndawalemba onse monga ndinkachitira ku ntchito, liwu ndi liwu. Ndakwera minibasi kupita ku City Centre, ndalumbira pamaso pa loya kuti ndi zimene ndamva, wadinda. Masamba asanu ndi limodzi, lililonse ndasainira.

14:37 Bambo Chikaonda: 📄 Zoyankhula pa maliro a Chitemwa Chikaonda, masamba 6

14:38 Chigomezgo: DAD 😭 thank you thank you

14:41 Hon. Benedicto: mwandipha alamu

14:42 Hon. Benedicto: "ife a Nyali" ndimatanthauza ife amene tabweretsa kuwala pa nthawi ya mdima

14:44 Bambo Chikaonda: Tsamba 2, mzere wachisanu ndi chitatu: "ine ndi anzanga a chipani cha Nyali, chimene ndalowa ndi miyendo yonse iwiri."

14:58 Chigomezgo: dad

14:58 Chigomezgo: page 4

14:59 Chigomezgo: iyi ndi chani

15:03 Bambo Chikaonda: Ndi pamene tcheyamani wanu wa Makwerero analanda maikolofoni kwa alamu. Iwe unali utalowa m'nyumba ndi azakhali ako. Anaitana mayi Sophie, phungu uja anawina pa tikiti ya Nyali n'kuchotsedwa unduna, nati "landirani membala wathu watsopano." Mayiwo anayankha kuti "ndafika, ndipo sindibwerera." Panali nthungululu. Ndalemba kuti nthungululu.

15:04 Hon. Benedicto: KKKKKKKK

15:04 Hon. Benedicto: alamu ndinaiwala zimenezo!! ndye Section 65 ili ndi mano mbali zonse

15:06 Chigomezgo: dad petition ndi ya ankolo, si ya mayi Sophie. page 4 siikukhudzana. mungandipatse 1 mpaka 3 yokha?

15:09 Bambo Chikaonda: Pansi pa tsamba lililonse ndalemba kuti 1 mwa 6, 2 mwa 6. Wofuna atenge onse.

15:10 Chigomezgo: plz. mukudziwa zimene andichite ku office?

15:14 Bambo Chikaonda: Ndikudziwa, ndipo sindikukondwera nazo. Koma Lachiwiri unandiuza za agogo onyamulidwa pa njinga. Kwa mayi Sophie kulinso agogo, anachonga pa nyali. Zaka 27 nduna zinkabwera ku ofesi kudzandipempha kuti ndikonze pang'ono zimene zinanena. Sindinachotsepo liwu la munthu. Sindiyambira pa maliro a mkazi wanga.

15:40 Chigomezgo: ok

15:41 Chigomezgo: ndipititsa onse 6

LACHISANU

10:22 Chigomezgo: ndawapatsa

10:23 Chigomezgo: awerenga mpaka page 3 akumwetulira. page 4 anditulutsa mu office, atseka chitseko, ali pa foni

11:48 Chigomezgo: ankolo galimoto yanu ikutani pa car park yathu

11:49 Hon. Benedicto: ndadzapereka moni

13:05 Chigomezgo: petition yachotsedwa

13:06 Chigomezgo: akuti "in the interest of national unity". statement ndiye andipatsa ine kt ndilembe. a nyali sakhudza mayi Sophie, ife sitikhudza ankolo. atuluka onse akuseka, akupita ku lunch

13:07 Chigomezgo: ndinawafunsa kt nanga ovota? akuti Chigo ukadali mwana

13:15 Hon. Benedicto: 🎤 uthenga wa mawu, 2:20

13:31 Bambo Chikaonda: Mwanena kuti demokalase yapambana, minibasi ya akumudzi yanyamuka, ndipo mawa mukufuna mphindi khumi zokha kuti muthokoze a mbali zonse. Mwaimbanso pang'ono.

13:33 Bambo Chikaonda: Zipani ziwiri zimene sizinagwirizanepo za mtengo wa feteleza zagwirizana pa ola limodzi kuti lamulo ligone. Ndipo pepala lowagwirizanitsa ndalemba ndine. Ndikanangopita kukathirira maluwa amene mbuzi yasiya.

13:36 Chigomezgo: ndatopa dad. statement sindilemba, alembe okha

13:39 Bambo Chikaonda: Usasankhe za ntchito uli ndi njala. Kadye kaye. Pepala lili m'kabati, silivunda. Munthu wa kwa alamu kapena wa kwa mayi Sophie akadzagogoda kulifuna, ndidzampatsa, masamba onse.

13:41 Hon. Benedicto: alamu zimenezo tikambirana. nanga mphindi khumi zija?

13:50 Bambo Chikaonda: Munawerenga tsamba 6?

13:51 Hon. Benedicto: ndinalekeza pa 4 kkk

13:58 Bambo Chikaonda: Ku Hansard tinkaika mlozera kumapeto, dzina lililonse ndi kangati latchulidwa. Ndinachita mwa chizolowezi. Pa mphindi khumi ndi chimodzi zimene munayankhula, Nyali mwaitchula ka 14. Mlatho kasanu. Mtsogoleri wa chipani kanayi, ndi maudindo ake onse. "Malemuwa" kawiri.

13:59 Bambo Chikaonda: Chitemwa simunamutchule.

14:00 Bambo Chikaonda: Ndinabwereza katatu kuti mwina mvula inaphimba. Mulibe.

14:07 Chigomezgo: ankolo

14:20 Bambo Chikaonda: Mawa kulibe chinkuzamawu, kulibe woimira chipani. Pa pulogalamu ndalemba kuti "mlongo wa Chitemwa, mphindi zitatu." Ngati alipo munthu woteroyo, abwere. Phungu atsale m'galimoto.

16:45 Chigomezgo: ankolo mwawerenga, ma tick ndi a blue

LOWERUKA

06:40 Bambo Chikaonda: Tenti wa ku mpingo waima. Pong'ambika paja taika kumbuyo. Akumudzi afika bwino, amwa tiyi.

07:15 Chigomezgo: ndanyamuka. ndinatola mabatani onse dzulo muli ku manda, ali mchitini. duku ndalisita, ndibweretse?

07:21 Bambo Chikaonda: Bweretsa.

07:22 Chigomezgo: mukhala pafupi ndi ine?

07:24 Bambo Chikaonda: Malinga pasakhale wa kamera.

08:10 Bambo Chikaonda: Alamu, abusa afika.

08:32 Bambo Chikaonda: Alamu.

08:41 Hon. Benedicto: 🎤 uthenga wa mawu, 0:19

08:44 Chigomezgo: dad akuti chani? kuno kuli phokoso sindikumva

08:49 Bambo Chikaonda: Ndamvetsera kawiri. Injini yazima, chitseko cha galimoto sichinatseguke. Akupuma. Kumapeto kuli liwu limodzi, ndipo ndi dzina la mayi ako.

08:50 Bambo Chikaonda: Iyi sindilemba. Mpando wanu ndi wachitatu kutsogolo, alamu. Tikudikirani mphindi khumi.